Chisoni cha pa Maloboti Sichigula Njinga

Pali chifundo china chimene chimayaka ndi kuzima ngati moto wa mapesi. Galimoto yaima pa maloboti ku Old Town, munthu wokwawa ndi manja wafika pambali pake, mwini galimoto watsitsa galasi pang'ono n'kuponya K200, maloboti alola, basi nkhani yatha. Woperekayo akupita kwawo ku Area 10 kapena ku Area 43 mtima uli mbee poti lero wathandiza. Wolandira uja mawa adzakhalanso pomwepo, mawondo ali m'fumbi lomwelo, ndipo chaka chamawa mudzampeza pomwepo ngati galimoto ina siimugunda.

Sindikunyoza woperekayo ayi. Njala siidikira, ndipo K200 imagula kanthu kotafuna. Ngakhalenso mwambo wa Lachisanu, pamene opempha amayenda sitolo ndi sitolo kufupi ndi msika ndi mzikiti wa ku Old Town kukalandira kangachepe, sindinganene kuti ndi woipa. Chimene chikundivuta ndi chakuti ambiri a ife timathera pomwepo. Tinazolowera kuona mnzathu ali pansi, mwakuti sitidzifunsanso kuti kodi chingamuimiritse n'chiyani, ndipo ndani m'dziko muno amene amagwira ntchito yoimiritsa anthu otere. Maganizo anga, ine mwana wa Fomu 3, ndi akuti akhristu a mu Lilongwe, makamaka amene ali ndi kuthekera, ayenera kuthandiza mabungwe opanga njinga, ndodo ndi miyendo, ndipo thandizolo likhale la chaka ndi chaka, osati la pa Khirisimasi pokha pamene pali wojambula zithunzi.

Bungwe limene ndikufuna kunenapo kwambiri ndi la MAP. Makolo athu akulidziwa ndi dzina lake lakale la Malawi Against Polio. Linayamba m'chaka cha 1979, nthawi imene matenda a poliyo anali atasiya ana ambirimbiri m'midzi ali ndi miyendo yopuwala. Ana otere ankakwawa kuseri kwa nyumba, ena osaonako ndi khomo la sukulu lomwe. Ogwira ntchito m'bungweli ankayendera zipatala za m'maboma, kuona ana, kuwongola miyendo yokhwinyata pochita opaleshoni, kenaka n'kuwapatsa zitsulo zolimbitsa miyendo, nsapato zake ndi ndodo zoyendera. Amene sakanatha kuima ndi pang'ono pomwe ankawapangira njinga zopalasa ndi manja. Katemera atachepetsa poliyo, dzina linasintha kukhala Malawi Against Physical Disabilities. Zilembo zitatu zija zinakhala momwemo, ntchitonso siinachepe, chifukwa ofuna thandizo sanathe: ovulala pa ngozi za pamsewu, ogwidwa ndi sitiroko, ana amene ubongo wawo unavulala pobadwa ndipo sangathe kukhala tsonga, ndi odulidwa mwendo chifukwa cha matenda a shuga kapena khansa. Likulu lake lili ku Blantyre, kumene kulinso Kachere Rehabilitation Centre, ndipo linatsegula nthambi ku Lilongwe kuno, ku Zomba ndi ku Rumphi.

Pali chinthu china chimene bungweli linachitira dziko lino chimene ambiri sachidziwa. M'chaka cha 1985, dokotala wa mafupa Dr Edward Blair anayambitsa pansi pa MAP maphunziro a miyezi 18 ophunzitsa achipatala athu kusamalira mafupa othyoka ndi kuchita maopaleshoni ena, poona kuti madokotala enieni a mafupa anali osowa zedi. Anthu ophunzira ntchito imeneyi ndi amene akhala akugwira ntchito yaikulu ya mafupa m'zipatala za m'maboma. Choncho mnzanga amene unathyoka mkono pa mpira n'kukaikidwa chikhakha pa chipatala cha boma kwanu, mwina unathandizidwa ndi chipatso cha bungwe la olumala iwe osadziwa. Akuluakulu anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Aliyense wokwera kabaza wa njinga yamoto m'misewu ya Lilongwe wopanda chipewa kumutu ayenera kuuganizira bwino mwambi umenewu.

Poliyonso tisamuyese wakufa. Mu August 2020 Africa yense analengezedwa kuti wathana ndi kachilombo ka poliyo ka mtundu wa kutchire, koma mu February 2022 boma linalengeza kuti kapezeka mwa mwana wamkazi wa zaka zitatu mu Lilongwe momwemuno, patapita zaka 30 chionekereni komaliza m'dziko muno mu 1992. Akatswiri anapeza kuti mtundu wa kachilomboko unali wofanana ndi wa ku Pakistan. Panatsatira katemera wa khomo ndi khomo, ndipo mliriwo unatsekedwa mu 2024. Koma katemera amateteza amene sanadwale. Mwana amene wapuwala kale, chimene akufuna ndi zitsulo, nsapato ndi munthu womuphunzitsa kuyenda, kwa zaka zambiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga, pa mawu akuti zaka zambiri. Anthu ambiri amaganiza kuti munthu ukampatsa njinga wathana naye. Sizili choncho. Ndili ndi msuweni wanga amene anabadwa ndi vuto la miyendo, ndipo ndaona ndi maso anga mmene zimakhalira. Zitsulo zimene anamupangira ali ndi zaka zisanu zinali zitamuchepera asanakwane zaka zisanu ndi ziwiri, monga mmene nsapato za sukulu zimatichepera tonsefe. Kusiyana kwake n'kwakuti ine nsapato ikandithina ndikhoza kuyenda chosavala kwa sabata imodzi, pamene iye zitsulo zikamuthina zimamutupitsa zilonda, akazivula ndiye kuti sapita kusukulu, ndipo akakhala miyezi ingapo osavala mwendo umayambanso kupindika. Azakhali anga amayenera kupeza ndalama ya minibasi ya anthu awiri, kumubereka kuchokera pa depoti, kukayezetsa, kubwerera, n'kudzapitanso kukatenga. Tsiku lina anafika n'kuuzidwa kuti zipangizo zatha, abwerenso mwezi wamawa. Amisiri analipo, makina analipo, nzeru zinalipo, koma chitsulo ndi chikopa panalibe.

Njinga nazonso ndi chimodzimodzi. Matayala amatha, machubu amaphulika, masipoko amaduka, mpando umang'ambika. Khushoni likaphwa, munthu amene samva kuwawa kuchokera m'chiuno kutsika amatuluka zilonda za pamatako, ndipo zilonda zimenezi zikalowa tizilombo zimapha. Nthawi zina kumabwera njinga zaulere zochokera kunja, zonyezimira bwino, zimene zinapangidwira m'makonde osalala a zipatala za ku Ulaya. Muziike pa msewu wafumbi wa kwa Chinsapo kapena ku Mtandire m'nyengo ya dzinja, timatayala take tating'ono ta kutsogolo timatitimira m'matope, ndipo chikathyoka chitsulo chimodzi palibe sitolo imene mungakachipeze. Njinga yabwino kuno kwathu ndi imene yayezedwa pa thupi la mwini wake, yolimba, imene matayala ake ndi a njinga wamba oti wokonza njinga aliyense pansi pa mtengo akhoza kuwamata. Ndi chifukwa chake malo opangira zinthuzi m'dziko momwemuno ali ofunika kuposa kontena ya mphatso. Koma malo otere amadya ndalama mwezi uliwonse: magetsi owotcherera, mapaipi achitsulo, malipiro a amisiri, mafuta a galimoto yopita kumidzi.

Ndionjezepo chitsanzo cha ana obadwa ndi mapazi opindikira mkati. Aphunzitsi athu a Bayoloje anatiuza kuti mwa ana 1,000 obadwa, mmodzi kapena awiri amabadwa chotere. Kale ambiri ankakula akuyendera mbali ya phazi mpaka kufa. Tsopano pali njira yotchedwa Ponseti imene imagwiritsidwa ntchito m'zipatala zathu: phazi la khanda amaliwongola pang'onopang'ono ndi manja, n'kuliika m'chikhakha chimene amasintha sabata iliyonse kwa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, kawirikawiri n'kudula pang'ono mtsempha wa kuchidendene, kenaka mwana amavala tinsapato tolumikizidwa ndi kachitsulo, poyamba usana ndi usiku, pambuyo pake pogona pokha mpaka atakwana zaka zinayi kapena zisanu. Mwana wotsatira zonsezi amadzasewera mpira ngati wina aliyense. Koma mayi akalephera ulendo wachitatu chifukwa chosowa ya basi, kapena tinsapato tikachepa popanda tina, phazi limabwerera mwakale. Kusiyana kwa mnyamata wothamanga ndi bambo wopempha pa maloboti nthawi zina kumangokhala ndalama ya maulendo ochepa a minibasi.

Chimandichititsa manyazi pang'ono ndi chakuti amene anaiona nkhaniyi msanga nthawi zambiri ndi alendo. Mayi Olivia Giles, loya wa ku Edinburgh ku Scotland, anadulidwa manja ndi miyendo yonse m'chaka cha 2002 atadwala matenda oumitsa khosi. Atachira anayambitsa bungwe lotchedwa 500 miles, limene mu 2009 linatsegula malo opangira miyendo ndi manja ochita kupanga pa Kamuzu Central Hospital, kenaka enanso ku Mzuzu, ndi kulipirira Amalawi maphunziro a ntchito imeneyi. Munthu wopanda zala anatolera ndalama kutsidya kwa nyanja kuti mlimi wa ku Mitundu aimenso m'munda mwake. Tithokoze. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo thandizo la kunja limatha pamene eni ake atopa kapena apeza mavuto kwawo. Kodi mu mzinda uno mulibe ndalama? Pa tchuthi ndimakhala kwa amalume anga amene amagwira ntchito ya m'munda pa nyumba ina ku Area 12. Kumeneko mipanda ndi yaitali, kapinga amathiriridwa ngakhale mu October, agalu ali ndi dokotala wawo, ndipo pa Sabata m'mawa magalimoto amatuluka kupita ku Misa. Sindikuchita kaduka, anthuwo anakhetsa thukuta ndipo ambiri ndi opatsa. Ndikungonena kuti mtengo wa matayala anayi a galimoto imodzi mwa zimenezo ukhoza kuyendetsa anthu angapo amene lero akukwawa.

Wina ayankha kuti imeneyi ndi ntchito ya boma, timakhomeranji msonkho? Zoona, ndipo boma lisathawe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Anthu ochuluka chotere sangasiyidwe m'manja mwa akufuna kwabwino okha. Malamulonso alipo. Mu 1971 kunakhazikitsidwa lamulo limene linabala bungwe la boma la MACOHA. Mu 2009 dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, mu 2012 kunabwera Disability Act, ndipo mu 2024 lamulo latsopano linalowa m'malo mwa onse awiri akalewo, MACOHA n'kusanduka MACODA. Pa pepala zinthu zili bwino. Koma pepala silikwera masitepe. Ndipo ngati tidikira kuti Capital Hill ithe zonse, mwendo wa mwana suima kukula podikira bajeti. Tingathe kuchita ziwiri zonse: kukumbutsa boma udindo wake, kwinaku tikugula chitsulo.

Ndatchula masitepe, ndiye ndinenepo za mzinda wathu, chifukwa njinga yopanda njira ili ngati khasu lopanda mpini. Tayesani tsiku lina kuyenda kuchokera pa depoti ya mabasi, kudutsa Malangalanga, kuwoloka mlatho wa Lilongwe, mukudziyerekeza kuti muli pa njinga ya olumala. M'mbali mwa msewu mwadzaza ogulitsa malonda, pamene palibe ogulitsa pali ngalande yosavundikira, pamene palibe ngalande paimikidwa galimoto. Chotsala ndi kulowa mu msewu weniweni kukalimbana ndi maminibasi. Ukafuna kukwera minibasi, kondakitala ayamba wayang'ana njingayo, ena amangodutsa ngati sanakuone, ena amafuna ulipire mipando iwiri. Ku City Centre misewu ndi yotakata ndipo mitengo ndi yokongola, koma nyumba zambiri za maofesi zinamangidwa m'zaka zimene likulu linkasamuka kuchokera ku Zomba, cha m'ma 1975, pamene womanga sankaganiza kuti munthu wa pa njinga angadzafune kukwera pamwamba kukasaina kalata, kapena kukakhala iyeyo bwana wa ofesiyo. Nyumba zina zatsopano zili ndi njira yotsetsereka ya simenti pakhomo, izi n'zoyamikika, ngakhale zina ndi zotsetsereka moti munthu angafune anyamata awiri omukankha ndi wachitatu womupempherera.

Tsopano ndibwere kwathu ku Eklezia, ndipo Abambo ansembe andikhululukire ngati mwana walankhula pa bwalo la akulu. Pa Ntchito za Atumwi mutu 3 timawerenga za munthu wopunduka chibadwire amene ankamuika pa chipata cha Nyumba ya Mulungu tsiku ndi tsiku kuti azipempha. Anthu opemphera ankamuponyera ndalama kwa zaka, iwo n'kulowa, iye n'kutsala panja. Petro ndi Yohane analibe ndalama, koma anamuimiritsa, ndipo chinthu choyamba chimene munthuyo anachita ndi kulowa nawo mkati. Ife mphamvu ya Petro tilibe, koma mmisiri wa zitsulo ndi womanga wodziwa kusakaniza simenti angathe kuchita mbali yaikulu ya chozizwitsa chimenechi. Tsono tiwerenge matchalitchi athu amene munthu wa pa njinga angalowe yekha popanda kunyamulidwa ngati thumba la chimanga. Tiwerenge amene ali ndi chimbudzi choti njinga n'kulowamo. Nanga ndi kangati pamene tinaona mkhristu wa ndodo akuwerenga Mawu a Mulungu pa Misa? Si kuti sadziwa kuwerenga. Gome lowerengera lili pamwamba pa masitepe atatu.

Ngakhale pa seminale pathu pano, ndikayang'ana m'kalasi, m'chipinda chodyera ndi m'nyumba zogona, sindikuona mnyamata woyendera ndodo kapena njinga. Sindikhulupirira kuti Mulungu amaitana okhawo othamanga bwino pa mpira. Malamulo a Eklezia a chaka cha 1917 ankaika kulumala kwa thupi pakati pa zinthu zoletsa munthu kudzozedwa unsembe ngati kukanamulepheretsa kutumikira pa guwa, koma malamulo a 1983 anachotsa chiletso chimenechi, n'kusiya kuti aepiskopi aone ngati munthuyo ali ndi mphamvu ndi makhalidwe oyenera ntchitoyo. Papa Francis mwini wake, kuyambira 2022 mpaka pamene anamwalira mu April 2025, ankayenda pa njinga ya olumala pamaso pa dziko lonse, ndipo palibe ananena kuti upapa wachepa. Ndikuganiza kuti anyamata otere safika n'komwe pa mayeso olowera kuno. Amatsalira ku pulayimale, kumene sukulu ili kutali ndipo zitsulo zinawachepera ali Sitandade 3. Malemu Mayi Rachel Kachaje anadwala poliyo ali ndi zaka zitatu, koma poti anapeza mwayi wa sukulu anagwira ntchito ku banki, anamenyera ufulu wa anthu aulumali m'maiko ambiri, ndipo mu 2013 anakhala nduna ya boma. Ndi angati onga iwo amene tikuwadutsa pa mlatho?

Chimene ndikupempha si chachikulu. Kuyambira nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, dayosizi ya Lilongwe inazika moyo wa chikhristu pa miphakati, ndipo palibe kaundula wa boma amene amadziwa mabanja kuposa mphakati. Amayi a mu mphakati amadziwa nyumba imene muli mwana wobisidwa kuchipinda, amadziwa agogo amene anagwa ndi sitiroko chaka chatha ndipo sanatulukenso panja. Mphakati uliwonse ulembe anthu otere, uwaperekeze kukaonedwa, ndipo usonkhe ya minibasi mpaka ulendo womaliza, osati woyamba wokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wofa ziwalo wa pa Marko mutu 2 anafika kwa Yesu chifukwa anzake anayi anagwirizana kumunyamula. Maparishi a m'tauni, kumene chopereka chimakhala cholemerako, asankhe Sabata limodzi pa chaka, mwina m'nyengo ya Lenti, loti chopereka chachiwiri chipite ku malo opangira njinga ndi zitsulo, ndipo chaka chotsatira bungwe lolandiralo libwere lidzafotokoze pamaso pa akhristu kuti ndalamazo zinagula chiyani. Kufunsa malisiti si kusakhulupirira, ndi njira yoti anthu apitirize kupereka. Makolo amene muli ndi makampani kapena mipando m'maofesi a ku City Centre, pali chinanso choposa chopereka: mukamalemba ntchito, kalata ya munthu waulumali muziiwerenga mpaka kumapeto.

Ndikudziwa kuti ena mwa opempha, ngakhale mutawapatsa njinga, adzabwererabe pa msewu, chifukwa njinga siidyedwa ndipo ntchito ndi yosowa kwa aliyense. Enanso amatumidwa ndi abale awo amene amadyera pa ulumali wawo. Izi zisatifooketse. Munthu wa pa njinga akhoza kukafika kumene amaphunzitsa kusoka, kukonza mafoni kapena kuweta nkhuku, akhoza kukagulitsa tomato pa msika, akhoza kuthawa pamene akuzunzidwa. Wokwawa alibe mwayi wosankha chilichonse mwa zimenezi.

Ife aseminale ndalama tilibe, zimene makolo amatipatsa zimathera sopo ndi makope. Koma manja tili nawo, ndipo Loweruka lililonse timagwira ntchito za manja. Ine ndi anzanga awiri a m'kalasi tinayeza khomo la m'mbali la tchalitchi chathu: masitepe ndi awiri, kutalika kwake onse pamodzi ndi masentimita 30. Aphunzitsi a Masamu anatiuza kuti njira yabwino ya njinga imafuna masentimita 12 m'litali pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, ndiye kuti tikufuna njira ya mamita atatu ndi masentimita 60. Mchenga uli kudambo, miyala ndi zidutswa za njerwa zili kuseri kwa khitchini, mawilibala alipo anayi ngakhale imodzi ilibe tayala. Chotsala ndi simenti ndi chilolezo cha Bambo Rekita, ndipo kalata yopempha zonse ziwiri tinaipereka kale kudzera kwa mkulu wa ophunzira.